Mwana wa zaka 8 akukodzabe pogona: ndi chithandizo chiti chapakhomo chimene chimagwiradi ntchito?

Mayi wa ku Chilomoni analemba kuti:

Makolo anzanga, ndikupempha nzeru pa nkhani imene yandisowetsa mtendere, ndipo ndasankha kuifunsa muno chifukwa pamaso pa anthu ondidziwa sindingathe kuitchula momasuka. Ndili ndi mwana wamwamuna wa zaka 8 amene ali mu Sitandade 3, ndipo chibadwire chake sanathepo mwezi wathunthu osakodza pogona. Masana alibe vuto lililonse, chifukwa amapita yekha kuchimbudzi, sadzikodzera m'kalasi, amadya bwino ndiponso amasewera monga mwana wina aliyense. Koma usiku amagona tulo tofa nato, moti m'mawa timapeza zofunda zitanyoweratu, iye osadziwa n'komwe kuti zachitika nthawi yanji. Chimene chikumupweteka mtima kwambiri n'chakuti mlongo wake wa zaka 5 anasiya kalekale, ndipo masiku ano wayamba kumuseka.

Aliyense m'banja mwathu wabwera ndi mankhwala akeake. Apongozi anga akuti tizimudzutsa m'bandakucha kuti akakodzere pa fuwa lotentha. Azakhali ake abweretsa mizu yoti tiziviika m'madzi n'kumamumwetsa madzulo. Mayi wina woyandikana naye nyumba akuti mwanayo azitulutsa yekha zofunda zake n'kuziyanika poyera anzake akuona, kuti manyazi amugwire, pamene bambo ake akuti ndi ulesi chabe ndipo mankhwala ake ndi chikwapu. Ineyo ndinamuletsa kumwa madzi kuyambira 4 koloko madzulo, koma palibe chasintha kupatula kuti amagona akudandaula ludzu.

Kukakhala mvula zofunda siziuma, matiresi ayamba kununkha, ndipo mwanayo wayamba kukana kukagona kwa agogo ake pa holide. Kodi amenewa ndi matenda kapena ndi khalidwe loipa? Kodi pali njira zapakhomo zimene munayesapo zikuthandiza? Nanga mizu imeneyi ndimumwetse, kapena ndipite naye kuchipatala?

NaPhiri wa ku Dedza anayankha kuti:

Mwana wanga, pepani, koma musaone ngati zayambira kwa inu. Mwa ana amene ndinalera, awiri anachedwa kusiya, ndipo lero ndi anthu akuluakulu okhala ndi mabanja awo. Choyamba chimene ndingakuuzeni n'chakuti mupite kwa apongozi anuwo panokha, pasakhale wina aliyense, mukawafunse mwaulemu ngati bambo a mwanayo anasiya msanga kukodza pamphasa ali aang'ono. Vutoli limakonda kutsata mtundu, ndipo nthawi zambiri munthu amene amafulumira kutchula chikwapu ndi amene anaiwala za ubwana wake.

Zimene ndinkachita ine si zapatali. Nsima ndinkaphika msanga, kuti ana adye dzuwa lisanalowe n'kukhala kanthawi asanakagone. Madzulo sindinkawapatsa thobwa, tiyi, nzimbe kapena mavwende, ndipo ndiwo zamadzulo sindinkathira mchere wambiri, chifukwa mwana amene wadyera nsomba zouma zamchere amamwa madzi chikho ndi chikho mpaka kukagona. Kuchipinda kwawo ndinkaika chidebe chovundikira pafupi ndi mphasa. Anthu amaiwala kuti mwana angathe kudzidzimuka mkodzo utamugwira, koma akaganiza za mdima wa panja, chimbudzi chili kuseri kwa khola ndipo akulu akhala akumuopseza za afisi, amangodzifunditsanso bulangete. Ngati chimbudzi chanu chili panja, mupatseni chidebe ndi tochi yakeyake. M'miyezi ya June ndi July muzimufunditsa bwino, pakuti kuno kwathu kozizira ndinkaona kuti vutoli limakula nthawi imeneyo.

Ndinkawadzutsanso ine ndikamakagona, kenako tambala woyamba akalira. Pamatiresi yalani makintoshi kapena pepala lapulasitiki lolimba, pamwamba pake chitenje chakale chimene sichichedwa kuuma. Pamene panyowa kale, wazanipo soda yemweyu timaphikira therere, muyanike padzuwa kenako mukunthe, fungo limachepa. M'mawa uliwonse mwanayo asambe ndi sopo asanapite kusukulu, chifukwa anzake akangomva fungo amamupatsa dzina limene limamukakamira mpaka kukula.

Zomuyanikitsa zofunda poyera ndi kumuimbira nyimbo ndikuzikana. Ndinaziona zikuchitika kumudzi kwathu, ndipo ana ake ankangophunzira kubisa mphasa kuthengo. Koma pa nkhani ya mizu, ine sindinganyoze zimene makolo athu ankachita, popeza alipo ana amene anamwa n'kusiya. Ngati azakhaliwo ali munthu wodziwa mitengo, sindikuonapo choopsa.

Namwino wopuma pantchito, Zomba, anayankha kuti:

Mayi a ku Chilomoni, zambiri zimene anena mayi NaPhiri n'zanzeru, ndipo ndikugwirizana nawo pa chidebe, pa mchere, pa makintoshi ndi pa kufunsa apongozi. Ndikusiyana nawo pa mizu, komanso pang'ono pa kudzutsa mwana usiku, ndipo ndifotokoza chifukwa chake ndikayamba ndanena zimene zimachitika m'thupi la mwana wotere.

Kuti munthu agone mpaka kucha osanyowetsa zofunda, pamafunika zinthu zitatu zigwirizane. Usiku ubongo umatulutsa homoni yotchedwa vasopressin, imene imauza impso kuti zichepetse kupanga mkodzo. Mwa ana ena homoniyi imakhala yochepa usiku, choncho impso zimagwira ntchito ngati kuti ndi masana, ndipo mkodzo umachuluka kuposa umene chikhodzodzo chingasunge. Mwa ana ena chikhodzodzo ndi chimene chimasunga mkodzo wochepa kapena chimafinyika chisanadzaze. Pamwamba pa zimenezi, uthenga wochokera kuchikhodzodzo wakuti kwadzaza sukwanitsa kudzutsa ubongo wa mwanayo. Pa zitatu zonsezi palibe chimene mwana angachilamulire ali m'tulo, n'chifukwa chake chikwapu sichingathandize. Mwana waulesi amakana kusesa kapena kutunga madzi, koma palibe mwana wa zaka 8 amene angasankhe kudzuka ali m'mikodzo n'kumasekedwa ndi mlongo wake.

Achipatala sawerengera kukodza pogona ngati vuto mwana asanakwane zaka 5. Pa ana 100 a zaka 5, pafupifupi 15 amakodzabe pogona. Pofika zaka 10 amatsala pafupifupi 5, ndipo pofika zaka 15 amatsala mmodzi kapena awiri. Anyamata ndi amene amachuluka. Ngati kholo limodzi linali ndi vutoli, pafupifupi ana 4 mwa 10 amakhalanso nalo, ndipo ngati makolo onse awiri anali nalo, chiwerengerochi chimapitirira 7 mwa 10. Chofunika kuchimvetsa kwambiri n'chakuti chaka chilichonse, pa ana 100 okodza pogona, pafupifupi 15 amasiya okha popanda mankhwala alionse. Apa m'pamene mizu, fuwa ndi zina zotere zimapezera mbiri. Mwana amene anamwa mizu m'chaka chimene thupi lake linali litakhwima kale amasiyadi, ndipo mudzi wonse umatamanda mizuyo, koma za ana ambiri amene anamwa mizu yomweyo osasintha palibe amazikamba.

Nkhawa yanga pa mizu si yakuti sigwira ntchito chabe. Palibe amene amadziwa mlingo wa mphamvu imene ili m'chikho cha madzi oviikamo mizu, ndipo zilizonse zimene mwana wamwa zimadutsa m'chiwindi ndi mu impso zake. Mitengo ina imachititsa munthu kukodza kwambiri, ndiye kumumwetsa madzulo n'kuwonjezera vuto lomwelo. Fuwa lotentha lingamuwotche mwana amene wadzutsidwa ali ndi tulo m'maso. Ndipo pali mchitidwe wina umene ndiyenera kuutchula ngakhale simunaunene, womanga ulusi kapena labala pa chokodzera cha mwana wamwamuna pogona. Zimenezi zimatseka magazi, malowo amatupa, ndipo mwana angathe kulumala moyo wake wonse. Wina akadzakuuzani zimenezo, mudzakane pomwepo.

Tsopano za madzi. Kumuletsa kumwa kuyambira 4 koloko n'kupitirira muyezo, ndipo sikuchiza. Mwana wa msinkhu umenewu amafunika madzi okwana lita imodzi mpaka lita imodzi ndi theka patsiku, koma ambiri mwa madziwo amwe m'mawa ndi masana. Chikhodzodzo chimene chimadzaza bwino masana chimazolowera kusunga mkodzo wambiri, pamene mkodzo wochepa, wachikasu kwambiri, umachinyerenyetsa n'kumachifinyitsa msanga. Choncho amwe podzuka, amwe pa buleki, amwe poweruka, amwe pa chakudya chamadzulo pang'ono, ndipo asiye kumwa kukatsala ola limodzi kapena awiri kuti akagone. Tiyi, khofi ndi zakumwa za kola zili ndi caffeine amene amachulukitsa mkodzo, ndiye zimenezi asamwe madzulo. Masana azikodza maulendo 4 mpaka 7, osadikira kuti mkodzo umupanikize, ndipo madzulo akodze kawiri, koyamba pokonzekera kugona, kachiwiri atatsala pang'ono kutseka maso.

Mungathe kuyeza nokha kukula kwa chikhodzodzo chake. Pa zaka zake onjezerani 1, kenako muchulukitse ndi 30, ndipo yankho lake ndi mamililita amene chikhodzodzo cha mwana wa msinkhu umenewo chimayembekezeka kusunga. Kwa mwana wa zaka 8 ndi mamililita 270, kuchepera pang'ono pa botolo lagalasi la Fanta. Loweruka ndi Lamlungu muuzeni kuti azikodzera m'chigubu chodula pakamwa chimene mwachilemba mizere, kupatula mkodzo woyamba wa m'mawa. Mukaona kuti nthawi zonse akutulutsa wochepa kwambiri poyerekeza ndi mlingo umenewu, mwadziwa kumene kuli vuto, ndipo adokotala adzayamikira mukadzawauza.

Kudzutsa mwana usiku kumateteza zofunda, koma sikumuphunzitsa kudzuka yekha, makamaka ngati mukungomunyamula n'kumuimika pachidebe ali m'tulo. Sindikuletsa, chifukwa ndikudziwa kuvuta kwa kuchapa mabulangete m'dzinja. Koma mukamudzutsa, adzukiretu, ayende yekha, ndipo m'mawa athe kukumbukira. Kamodzi pa usiku n'kokwanira, popeza mwana wosagona mokwanira amakasinza m'kalasi. Ngati mukufuna kumupatsa kamphoto, muyamikireni pa zimene angathe kuzilamulira, monga kumaliza botolo lake la madzi kusukulu, kukodza asanagone ndi kukuthandizani kuchotsa zofunda mwakachetechete. Mphoto ya usiku wouma imamulanga pa chinthu chimene sichili m'manja mwake.

Ndili ndi funso limodzi kwa inu: kodi mwanayu amachita chimbudzi kangati pa mlungu, ndipo chimakhala cholimba? Thumbo lomalizira lili kumbuyo kwenikweni kwa chikhodzodzo, ndipo likadzaza ndi chimbudzi chouma limachipanikiza n'kuchepetsa malo ake. Makolo ambiri a ana a msinkhu umenewu sadziwa yankho, chifukwa mwana amapita yekha kuchimbudzi.

Pomaliza, pali zizindikiro zimene sizifuna chithandizo chapakhomo. Mwana amene anakhala miyezi 6 kapena kuposerapo osakodza pogona kenako n'kuyambiranso ayenera kupimidwa. Ngati akumva ludzu losatha, akukodza pafupipafupi usana ndi usiku, akuwonda, kapena mwaona nyerere zikuunjikana pamene wakodza, pitani naye tsiku lomwelo akamuyeze shuga, chifukwa matenda a shuga mwa ana amafika poipa m'masiku ochepa. Chimodzimodzinso ngati akumva kuwawa pokodza, akutentha thupi, mkodzo uli ndi magazi, kabudula amakhala wonyowa masana, akutupa nkhope kapena mapazi, akuliza mkonono kwambiri n'kumabanika m'tulo, kapena akugwedezeka ngati wakhunyu usiku. Ana a matenda a sickle cell, amene ndi matenda a magazi otengera kwa makolo, nawonso amachedwa kusiya, chifukwa impso zawo zimatulutsa mkodzo wambiri wamadzimadzi, ndipo iwowa sayenera kumanidwa madzi ngakhale pang'ono.

Mphunzitsi wa ku Nkhotakota anayankha kuti:

Mayi, ndiwonjezerepo zimene timaona ife okhala m'mbali mwa nyanja. Kuno mwana akayamba kuvutika ndi mkodzo, choyamba chimene timaganizira ndi likodzo. Tizilombo take timachokera mu nkhono za m'madzi, timalowa pakhungu mwana akamasambira kapena kuwedza, ndipo tikakula timaikira mazira m'mitsempha yozungulira chikhodzodzo. Mazirawo amatupitsa ndi kukanda khungu la m'kati mwa chikhodzodzo, moti mwana amamva mkodzo pafupipafupi, nthawi zina ukuwawa, ndipo kumapeto kwa mkodzo kumatuluka timadontho ta magazi. Anyamata ambiri sauza makolo, ndipo akulu ena mpaka lero amati magaziwo ndi chizindikiro chakuti mnyamata akukula, zimene si zoona. Likodzo silili kunyanja ya Malawi kokha; lilinso ku Chilwa, ku Chigwa cha Shire, m'minda ya mpunga ndi m'madamu ang'onoang'ono. Ngati mwana wanu amakasambira kumtsinje kapena kudambo akapita kumudzi pa holide, kamuyezetseni mkodzo. Mankhwala ake ndi praziquantel, omwe aja alangizi a zaumoyo amagawa m'sukulu, ndipo amamwa atadya kaye.

Ndinenenso za kusukulu, chifukwa anamwino atchula za kumwa madzi masana. Ana ambiri amachoka kunyumba atamwa kapu imodzi ya tiyi kapena phala, ndipo samwanso kanthu mpaka kuweruka. Ena amachita dala kuti asafune kupita kuchimbudzi cha pasukulu, mwina chifukwa n'chauve, chilibe chitseko kapena kuli anyamata akuluakulu ovutitsa anzawo. Ena amaopa kukweza dzanja kuti apemphe kutuluka. Mwana wotere amafika kunyumba kukhosi kuli gwa, ndipo madzi onse a tsiku limenelo amawamwa madzulo. Mupatseni botolo la madzi lolembedwa dzina lake, ndipo kalankhuleni ndi aphunzitsi ake pambali kuti azimulola kutuluka akapempha. Simukuyenera kuwafotokozera zonse; kungonena kuti achipatala akufuna azimwa madzi ndi kukodza pafupipafupi n'kokwanira.

Kwa makolo ena amene akuwerenga, amene mwana wawo anasiya kenako wayambiranso mwadzidzidzi, yang'ananinso zimene zasintha pa moyo wake. Maliro, kutha kwa banja, kusamukira kwa achibale, kubadwa kwa mwana wina kapena kuzunzidwa kumene akukuopa kunena, zonsezi zimatha kuonekera pamphasa. Mukakayikira kuti pali wina amene akumuchitira nkhanza, pali nambala yaulere ya 116 yothandiza ana.

Bambo wa ku Kasungu anayankha kuti:

Ine ndiyankhula ngati munthu amene ndinali mwana woteroyo, ndipo mawu anga akupita makamaka kwa bambo a mwanayo, ngati mungawawerengere. Ndinasiya kukodza pogona nditatsala pang'ono kulemba mayeso a Sitandade 8. Nthawi zambiri ndinkalota nditaima bwinobwino kuseri kwa nyumba, ndikuona udzu ndi khoma, ndipo mtima unkakhala m'malo kuti ndili pamalo oyenera. Ndinkadzidzimuka chifukwa cha kuzizira kwa bulangete. Masiku ena kunalibe ngakhale malotowo. Ndinkayesa kukhala maso usiku wonse, ndinkagonera kumphepete kwenikweni kwa mphasa kuti ndisanyowetse achimwene anga, ndipo ndinkadzuka anthu onse asanadzuke kuti ndibise kabudula kudenga la bafa. Kukwapulidwa ndinakwapulidwa, ndipo chimene chinasintha n'chakuti ndinayamba kuopa kulowa kwa dzuwa.

Amene anandimasula ndi atsibweni anga. Tsiku lina tikuchokera kudimba anandiuza, osandiyang'ana n'komwe, kuti iwonso anasiya ali wamkulu ndithu, ndipo agogo ankawadzutsa ndi muuni wa moto. Sindinasiye usiku womwewo, panapitabe nthawi, koma kuyambira pamenepo ndinaleka kudziona ngati wolodzedwa, ndipo ndinayamba kuvomera kuti amayi azindidzutsa m'malo monamizira kuti palibe vuto. Achimwene, ngati zimenezi zinakuchitikiraniponi, muuzeni mwana wanu. Ngati sizinakuchitikireni, ingomuuzani kuti mukudziwa kuti sachitira dala. Ndipo mlongo wakeyo aletsedwe kumuseka, komanso nkhaniyi isakambidwe pamaso pa alendo.

Mayi wa ku Chilomoni analembanso kuti:

Zikomo kwambiri nonse. Mayi NaPhiri, apongozi ndawafunsa, ndipo anayamba aseka kaye asanandiuze kuti mwana wawo anasiya ali mu Sitandade 5. Bambo a kunyumba atamva sanayankhe kanthu, koma za chikwapu sanazitchulenso. Anamwino, funso lanu landitsegula maso. Mwanayo akuti amatha masiku atatu osachita chimbudzi, ndipo akapita chimatuluka cholimba, movutikira. Magazi mumkodzo akuti sanawaonepo, koma kumudzi amasambira kumtsinje, ndiye tikamuyezetsa. Mizu ija ndaisunga pambali. Ndifunsenso ziwiri: mnzanga wina wandiuza kuti ndizimupatsa supuni ya uchi pogona, ndipo wina wandiuza za kachipangizo kolira mwana akayamba kukodza. Kodi zimenezi n'zothandiza?

Mayi wa ku Leeds anayankha kuti:

Achemwali, za kachipangizoko ndingayankhe, chifukwa mwana wanga wamkazi anakagwiritsapo ntchito kuno ku UK, kumene anamwino oona za ana amakalimbikitsa kwambiri. Kali ndi mbali ziwiri. Ina imamatidwa pa kabudula wam'kati ndipo imamva chinyezi, ina imakhala paphewa kapena pafupi ndi mutu ndipo imalira kapena kunjenjemera madontho oyamba akangotuluka. Kusiyana kwake ndi alamu ya pafoni n'kwakuti foni imalira pa nthawi imene mwaitchera, kaya chikhodzodzo chadzaza kaya ayi, pamene aka kamalira pa nthawi yeniyeni imene mkodzo wayamba, ndipo pang'ono ndi pang'ono ubongo umaphunzira kugwirizanitsa kudzaza kwa chikhodzodzo ndi kudzuka. Pa njira zonse, imeneyi ndi imene imachiza mokhalitsa, ndipo imathandiza pafupifupi ana awiri mwa atatu amene aigwiritsa ntchito moyenera.

Koma ndisakunamizeni kuti n'kophweka. Milungu yoyambirira mwana wa tulo tofa nato samva kulirako, ndiye amene mumadzuka ndinu, n'kumudzutsa kuti azimitse yekha, akamalizire mkodzo pachidebe, asinthe zovala, kenako amatenso kachipangizoko. Zimatenga miyezi iwiri kapena itatu, ndipo mumapitiriza mpaka atagona masiku 14 otsatizana osanyowetsa. Ngati ana onse amagona chipinda chimodzi, kapena nyumba ndi yogundizana ndi ya eni ake, ganizirani kaye, chifukwa phokoso lake limadzutsa aliyense. Zikatero ndi bwino kupeza konjenjemera. Chinanso n'chakuti mwanayo afune yekha, chifukwa womukakamiza amangokachotsa n'kukaponya pansi pa bedi. Mukafunsa m'mafamase akuluakulu n'kusowa, wachibale amene ali ku South Africa kapena kuno angakutumizireni, ndipo muonetsetse kuti mabatire ake ndi opezeka kwanuko.

Namwino wopuma pantchito, Zomba, anayankhanso kuti:

Mayi, musathamangire kugula kachipangizoko musanathane ndi kudzimbidwako, chifukwa thumbo likadali lodzaza, ngakhale alamu kapena mankhwala sizigwira bwino ntchito, ndipo ana ena amasiya kukodza pogona m'mimba mukangoyamba kuyenda bwino. Muzimupatsa papaya wakupsa, mango kapena malalanje pa nyengo yake, ndiwo zamasamba monga nkhwani, bonongwe ndi chisoso tsiku lililonse, nyemba, ndiponso phala kapena nsima ya mgaiwa m'malo mwa ufa woyera nthawi zonse. Buledi woyera, mabisiketi ndi zokazinga za pasukulu zichepe. Akatha kudya m'mawa kapena madzulo, akakhale kuchimbudzi mphindi 5 mpaka 10 ngakhale asakumva kanthu, chifukwa matumbo amayenda kwambiri munthu akangodya. Ngati chimbudzi chanu n'chokhalira, muikireni kampando kopondapo kuti mawondo akwere kuposa chiuno. Ngati n'chokumba, kunjuta n'kwabwino kale, koma onani ngati dzenje lake silikumuopsa, popeza ana ena amasunga chimbudzi masiku angapo chifukwa choopa kugweramo. Pakatha milungu iwiri chisanafewe, chakudya chokha sichikwanira, ndipo kuchipatala akamupatsa mankhwala ofewetsa chimbudzi monga lactulose, amene angafunike kumwa kwa miyezi ndithu. Musamupope ndi sopo kapena mankhwala azitsamba. Ngati amadzikanda kumalo ochitira chimbudzi usiku, mukatchulenso zimenezo, chifukwa tinyongolotsi ting'onoting'ono timasokoneza tulo ndipo mankhwala ake ndi osavuta.

Uchi suvulaza mwana wa zaka 8, koma palibe umboni wakuti umaletsa kukodza pogona, ndipo ukhoza kungomuwonjezera ludzu ndi kumuwononga mano ngati agona osatsuka m'kamwa. Khanda losakwana chaka chimodzi lokha ndi limene siliyenera kulawa uchi ngakhale pang'ono.

Mankhwala achipatala aliponso. Desmopressin amagwira ntchito ya homoni ija yochepetsa mkodzo usiku, ndipo amathandiza msanga, moti ndi abwino pa ulendo wokagona kwa agogo kapena kwa mwana amene akupita kusukulu yogonera komweko, ngakhale kuti ambiri amayambiranso akasiya kumwa. Lamulo lake n'lakuti mwana asamwe madzi ambiri kuyambira ola limodzi asanamwe mankhwalawo mpaka patapita maola 8, apo ayi madzi amachuluka m'thupi n'kumudwalitsa. Palinso mankhwala akale otchedwa imipramine, amene ndi oopsa kwambiri ku mtima mwana akamwa opitirira mlingo, choncho musalandire mapiritsi alionse kwa mnzanu kapena kugula pamsika popanda adokotala kulemba.

Popita kukayezetsa likodzo, tengani buku lake la kuchipatala ndi pepala limene mwalembapo za milungu iwiri: masiku amene wanyowetsa, madzi amene akumwa, milingo ya mkodzo ija ndi masiku amene wachita chimbudzi. Mukapemphe kuti pa mkodzo womwewo ayezenso shuga ndi matenda a m'njira ya mkodzo. Mazira a likodzo amapezeka kwambiri mu mkodzo wa pakati pa 10 koloko m'mawa ndi 2 koloko masana, ndiye ndi bwino kuti akakodzere komweko m'kabotolo kamene akakupatseni, kusiyana ndi kunyamula wa m'mawa kuchokera kunyumba.